Zotsekemera za Amayi Anadya Ndani?

Ruwi, Muscat
12 Seputembala 1997

Amake Hetal,

Landirani moni wanga, inu ndi mwana wathu Hetal. Amayi muwagwire mapazi powapatsa ulemu m'malo mwanga. Ndikhulupirira mawondo awo achitako bwino ndi mankhwala opaka aja. Ine kuno ndili bwino, kungoti kutentha sikunatisiyebe. Masana chiwongolero chimachita kuotcha m'manja.

Ndatumiza marupi zikwi zisanu ndi chimodzi kudzera ku banki. Zikwi ziwiri ndi za mmisiri wa denga, koma musamupatse asanabweretse simenti, munthu uja mumamudziwa. Hetal mumugulire nsapato za kusukulu. Zotsalazo ndi za pakhomo.

Amayi muwawerengere mpaka pomwepa, muwauze kuti kalata yatha. Zapansizi ndi zanu nokha.

Sabata yatha, ndikuchokera ku Nizwa kosiya katundu m'masitolo, m'maso munangochita mdima. Podzidzimuka, galimoto ili mumchenga, patali ndithu ndi phula. Sindinavulale, musade nkhawa. Anaphulika ndi makatoni awiri a mafuta ophikira basi. Abwana sanandikalipire koma ananditumiza kwa dokotala wa kampani. Ndi mayi wa ku Sudan, wamfupi, wosaseka ndi munthu. Atandikweza pa sikelo muvi unakaima pa makilo 103. Atayeza magazi anati ndili ndi shuga.

Anandifunsa kuti, "Mukakhala pa ulendo mumadya chiyani?"

Ine ndinayankha monyada. "Adokotala, nyama sindidya, nsomba sindidya, ngakhale dzira. Chibadwire changa."

"Sindinafunse zimene simudya," anatero. "Mimba imeneyi sinabwere ndi zimene simudya."

Ndiye ndinayamba kutchula. M'mawa chapati zamafuta zinayi. Tiyi wa mkaka wotsekemera wa m'chitini paliponse pamene ndaima, ndipo ndimaima pambiri. Masana tchipisi ndi samusa za mbatatesi, chakumwa chozizira pamwamba. Madzulo mpunga mbale yodzaza. Ndinamufotokozera kuti m'malo odyera a m'mbali mwa msewu chilichonse ndi nkhuku kapena mbuzi, munthu ngati ine chimene amapezamo ndi ufa wokazinga. Sanandimvere chisoni. Anandipatsa mapilitsi ndi mapepala oti ndizilembapo chilichonse cholowa m'kamwa mwanga, ngakhale kambewu ka mtedza, ndipo mwezi uliwonse ndizikamuonetsa. Wandipatsa miyezi isanu ndi umodzi kuti nditsitse makilo khumi ndi asanu. Ndikalephera alembera abwana kuti sindiyenera kugwiranso chiwongolero, ndipo mukudziwa kuti kuno ntchito ikatha, chilolezo chokhalira chimathera pomwepo.

Chonde Amayi asamve. Mukukumbukira mmene Bambo anapitira: chinayamba chala, kenako phazi, kenako eni ake. Amayi akangomva dzina la matendawa adzati ndikwere ndege mawa lomwe, denga lisanathe, sukulu ya Hetal ili pakati. Ndidzawauza ndekha ndikadzabwera kutchuthi thupi litabwerera m'malo.

Ndine mwamuna wanu,
Harsukh


Ruwi, Muscat
10 Okutobala 1997

Amake Hetal,

Moni kwa nonse kunyumbako. Kalata yanu inandipeza ndili bwino, ndipo ndakondwa kumva kuti simenti yafika komanso kuti Hetal wakhoza masamu. Mumuuze kuti wotchi ija sindinaiwale. Amayi muwauze kuti ndikudya bwino ndipo ku kachisi ndikupita Lachisanu lililonse. Ndalama mwezi uno ndatumiza zomwe zija. Anyezi akatsika mtengo mugule thumba lathunthu.

Apa lekani kuwerenga mokweza.

Mwandifunsa kuti ndikukwanitsa bwanji. Ndimadzuka kusanache, ndimaphika mphodza ndi therere kapena mabilinganya, mafuta supuni imodzi yokha, ndi chapati ziwiri zouma za ufa wa mawere. Ndimalongedza n'kunyamuka. Chambiko ndi nkhaka ndimagula panjira. Mapepala a dokotala amakhala kutsogolo kwa chiwongolero, ndimalemba podikira kuti anthu atsitse katundu. Pena ntchito ikachuluka ndimaiwala, madzulo n'kumadzikanda m'mutu: kodi ku Sohar kuja tiyi ndinamwadi, kapena ndinangomulakalaka?

Vuto lalikulu ndi makasitomala. A Khalfan, mwini sitolo wa ku Nizwa, salola munthu kuchoka asanamwe khofi ndi kudya zipatso zotsekemera za tende. Nditatola imodzi anandiyang'ana kuyambira kumutu.

"Takulakwira chiyani, Harsukh?"

Ndinawauza za dokotala.

"Imodzi timapatsa mwana. Tola zitatu, dokotala wakoyo sali pano."

Ndinatola zitatu, ndipo pa pepala ndinalembadi zitatu. Dokotala anazizunguliza ndi cholembera chofiira. Iye akufuna ndizidya mazira awiri m'mawa kuti njala isamandivute. Ndinamuuza kuti kwathu dzira silidutsa ndi pachipata pomwe. Anati, "Ndiye limbikirani nyemba za tchana ndi chambiko, koma musadzandidandaulire." Makilo atatu achoka.

Amene akundiseka kwambiri ndi a Premji, ogona nawo chipinda chimodzi. Mukuwakumbukira, a kwathu konko kufupi ndi doko, amene anandipezera ntchito ino. Ndiwo amasunga makiyi a nyumba ya katundu, zaka makumi awiri tsopano. Akasuzumira m'mbale yanga amati, "Mphwanga, mbuzi ya abwana ikudya bwino kuposa iwe." Iwo shuga anawapeza naye kalekale. Pilitsi lake amamwera tiyi wa masupuni atatu. Amati, "Ine ndi shuga tinapangana: iye asandivute, ine ndisamuvute."

Mwalemba kuti Amayi ayamba kale kusunga gii, mafuta a batala aja, ndi ufa wa tchana kuti andiphikire zotsekemera zawo zija, mohanthal wa pa chikondwerero cha Diwali. Yesetsani kuwaletsa mwanzeru. Nenani kuti pabwalo la ndege akulanda zakudya, kapena kuti chaka chino wonyamula palibe. Tchimo la bodza limeneli likhale pa ine.

Mundilemberenso kaphikidwe kanu ka nandolo kaja, kopanda gii. Anga akumatuluka ngati madzi otsukira mbale.

Wanu,
Harsukh


Ruwi, Muscat
7 Novembala 1997

Amake Hetal,

Chaka chatsopano cha kwathu chikhale chabwino kwa inu nonse. Ndikhulupirira Diwali munasangalala ndipo Hetal sanadziotche ndi makombola ngati chaka chatha. Ine ndili bwino. Kuno kwayamba kuzizirako m'mawa.

Amayi muwauze kuti chitini chawo cha mohanthal chinafika bwinobwino, mnyamata wa a Velji anandibweretsera mpaka pakhomo. Muwauze kuti ndinachimaliza m'masiku atatu ndipo palibe dzanja lofanana ndi lawo m'tauni yathu yonse ya Mandvi. Ndaikamo chithunzi chimene tinajambulitsa ku kachisi tsiku la chikondwerero. Ine ndine wa malaya oyerayo.

Izi ndi zanu.

Sindikukudzudzulani kuti munalephera kuwaletsa. Amayi akamanga chinthu mumtima ndani angawabweze? Nditatsegula chitinicho chipinda chonse chinanunkhira khitchini yathu. Pa chidutswa cha pakona panali podinda chala chawo, pamene amakanikiza kuti chivindikiro chitseke. Ndinadya chimenecho, chimodzi chokha, choimirira. Pa pepala la dokotala ndinalemba kuti tchana. Si bodza lenileni, ufa wake ndi wa tchanadi, koma polemba dzanja linkalemera.

Masiku awiri chitinicho chinakhala pansi pa bedi. Ndili ku Sur, ulendo wa theka la tsiku, ndinkachimvabe chikundiitana. Kutaya m'bini chakudya chimene Amayi aphika sindikanatha. Kusunga sindikanathanso. A Premji anaona mmene ndinkazungulirira.

"Bweretsa kuno, mphwanga, ndikupulumutse."

Ndinati, "Akulu, nanga shuga wanu?"

"Wanga ndi wamkulu, anakhwima kalekale. Wako ndi khanda, ndiye wofunika kumulera."

Ndinaseka n'kuwapatsa. Ndinasekadi, amake Hetal, ndipo mtima unapepuka ngati munthu watula thumba la mpunga. Sabata isanathe chitini chinali chopanda kanthu. Amadya atatsinzina, n'kumati amayi awo anamwalira asanawaphunzitse akazi awo kuphika chotere.

Mwezi uno ndachotsa makilo ena atatu. Njala imavuta cha m'ma foloko masana, pamene kale ndinkaima kugula samusa. Tsopano ndimatafuna tchana wokazinga wopanda mafuta, kadzanja kamodzi, n'kumwera madzi ambiri. Mutu ukumawawa koma m'maso simunachitenso mdima.

Mukapeza wobwera kuno munditumizire mafuta opaka a nimu aja. Si anga. A Premji nsapato yatsopano inawasupula chidendene, pali kachilonda kamene akumangokulunga ndi nsanza.

Wanu,
Harsukh


Ruwi, Muscat
19 Disembala 1997

Amake Hetal,

Moni kwa inu, kwa Hetal ndi kwa Amayi. Ine ndili bwino, ndili ndi mphamvu, ntchito ikuyenda. Amayi amve bwino mawu amenewa: sindikugona ndi njala, ndipo palibe amene akundiumiriza kutumiza ndalama. Denga ndinalifuna ndine. Chitini chachiwiri chafika, zikomo kwambiri. Mwezi uno ndawonjezera marupi mazana asanu kuti Amayi mupite nawo kwa dokotala wa mafupa.

Apa imani.

Kalata yanu ndaibwereza kangapo, ndipo nthawi iliyonse ndimafika poiika pansi. Sindinaganize kuti chithunzi chija chingabweretse zimenezi. Ine ndinkachiona ngati chabwino. Mukuti Amayi atachiona analira tsiku lonse, n'kukufunsani pamaso pa azimayi a ku kachisi kuti mwana wawo mukumukama ngati ng'ombe chifukwa cha denga ndi ndolo. Ndolo zimenezo anakupatsani ndi amayi anu pa ukwati wathu, ine ndikudziwa, Amayinso akudziwa. Mukuti asiya kudya chophika inu, akumadziphikira okha pambali. Mukuti munangowerama osayankha.

Mwandipempha kuti ndikumasuleni muwauze zoona. Ndikukupemphani, pirirani mpaka Malichi. Dokotala akangosaina kuti ndapambana, nkhaniyi idzakhala yopepuka kuinena: ndinadwala, ndachira, basi. Panopa akamva adzayamba kuitana achibale onse kuti andikakamize kubwerera. Ndikudziwa kuti ndikukusenzetsani katundu wanga. Ndilibe mawu abwino oti ndiikepo apa.

Chitini chachiwirichi ndi chachikulu kawiri kuposa choyamba. Mukuti anaima pa chitofu kuyambira m'mawa akuvundula okha ndi mawondo aja, osalola kuti mugwireko. Sindinachitsegule n'komwe. Ndinkafuna ndikachipereke kwa anyamata otsitsa katundu, agawane. A Premji anandipeza nacho pakhomo.

"Ukupita nacho kuti?"

Ndinawauza.

"Chophika mayi wa kwathu ukapatse anthu osadziwa ndi dzina lake lomwe? Adzangomeza ngati buledi. Usachite mwano, iwe."

Ndikanatha kulimbikira. Galimoto inali italira kale panja, ndinali nditachedwa, ndipo kunena zoona ndinkangofuna chichoke m'manja mwanga. Ndinawasiyira.

Akuyenda motsimphina tsopano. Mafuta a nimu aja sanathandize. Ndinawauza kuti apite kuchipatala, anati akatha kuwerengera katundu wa kumapeto kwa chaka. Zenera la chipinda chathu ndikumalisiya lotsegula ngakhale kukuzizira, chifukwa cha fungo la chilondacho.

Sikelo ikuti 94. Dokotala anatsala pang'ono kumwetulira.

Wanu,
Harsukh


Ruwi, Muscat
30 Januwale 1998

Amake Hetal,

Ndikhulupirira muli bwino nonse. Ine ndili bwino. Chilembereni kalata ija ya mu Disembala sindinalandire yanu. Mwina yasochera panjira. Ndalama ndinatumiza pa 5, mundidziwitse ngati zinafika. Amayi muwapatse moni.

Zotsalazi mukudziwa kale.

Mwezi wa Ramadani wangotha. Malo odyera onse amakhala otseka masana, ndiye mayesero anachepa. Ndinkadyera mphodza zanga mobisala kuseri kwa makatoni kuti ndisakhumudwitse osala. Ndatsikanso, ndili pa 90. Mapepala ndikulemba mokhulupirika tsopano, ngakhale mchere.

A Premji ali m'chipatala, sabata yachiwiri ino. Ndinawapeza madzulo ena akunjenjemera, thupi lili moto, sakundizindikira bwino. Ndinawanyamula pa galimoto ya kampani. Atamasula nsanza ija namwino anatembenukira kumbali. Dokotala wa kumeneko anafunsa kuti amakhala ndi ndani. Ndinati ndi ine. Anafunsa kuti masabata apitawa amadya chiyani kuti shuga akwere chonchi. Ndinati sindikudziwa bwino, ine ndimakhalira pa msewu.

Pokawatengera zovala m'kabati mwawo ndinapeza zitini ziwiri zija, zotsukidwa bwinobwino. China akusungiramo mapilitsi, china singano ndi ulusi.

Madokotala ena akunena za zala. Ena akunena zoposa zala. Ndimapitako ndikaweruka. Iwo amangofunsa ngati anyamata akutseka bwino nyumba ya katundu.

Lachisanu lapitali ndinaimba foni ku sitolo ya a Mulji kuti akuitaneni. Anabwera ndi Hetal. Anati mwapita kumsika. Ndinafunsa kuti mubwera nthawi yanji, anati sakudziwa, kenako anayamba kundiuza za mayeso mofulumira kwambiri. Mwana wathu kunama sadziwa.

Ndilembereni, ngakhale mizere iwiri.

Wanu,
Harsukh


Ruwi, Muscat
6 Malichi 1998

Amake Hetal,

Kalata iyi ndaitumiza ku Bhuj, kunyumba kwa achimwene anu a Dhiraj, chifukwa andilembera kuti muli kumeneko chiyambire pakati pa Januwale. Ndikhulupirira muli bwino m'thupi. Alamu anga ndi banja lawo muwapatse moni, ngati angaulandire.

Andiuza zonse. Akuti Amayi anaitanitsa amalume ndi akuluakulu awiri a pamtundu, n'kukukhazikani pakati kuti mufotokoze kumene ndalama za mwana wawo zikupita, iye akuuma ngati nkhuni. Akuti munatulutsa malisiti onse a simenti ndi a sukulu, koma atakufunsani kuti nanga n'chifukwa chiyani akuonda, munati akafunse mwini wake. M'mawa mwake munakwera basi, Hetal munamusiya chifukwa cha mayeso. A Dhiraj alemba kuti, "Mlongo wanga akusunga chinthu chako chimene ngakhale ine wakana kundiuza. Chilichonse chimene chili, watuluka nacho m'nyumba mwake, iwe ukugona bwino." Sindikugona bwino, koma zimenezo sizikuthandizani kanthu.

A Premji anawadula mwendo m'munsi mwa bondo. Kampani inalipira chipatala ndi tikiti, ntchito yathera pomwepo. Ananyamuka Lolemba. Ndine ndinawakankha pa njinga ya olumala mpaka polowera. Katundu wa zaka makumi awiri anakwana m'masutikesi awiri. Tili pamzere ndinawerama n'kunena kuti, "Akulu, zitini zija..."

Sanandilole kumaliza. "Iwe, usadzikweze. Mwendo umenewu ndaudya ndekha, pang'onopang'ono, iwe usanamere ndi ndevu zomwe. Wangofika mbale ikutha."

Anaseka, koma maso anali pa sutikesi. Kenako anati, "Makiyi a kabati ndasiya pansi pa pilo. Bulangete langa utenge, ndi labwino."

Lachitatu linali tsiku langa kwa dokotala. Sikelo inati 87. Magazi akuti ali bwino, mapilitsi wandichepetsera. Anasaina kalata ya kwa abwana n'kunena kuti, "Mwachita bwino. Ambiri amanama pa mapepalawa." Pamenepo ndinamuuza za zitini, zonse, ndi za a Premji. Ndinkafuna anditukwane kapena andimasule. Anavula magalasi.

"Zitini ziwiri sizidula mwendo," anatero. "Koma sizinamuthandize. Inu munkadziwa zimenezo."

Ndiye ntchito ndaipulumutsa, amake Hetal. Lamba ndaboola mabowo awiri atsopano, masitepe ndikukwera osapuma. Anzanga akuti ndabwerera unyamata. Ndimabwera madzulo m'chipinda muli bedi limodzi lopanda munthu, n'kukhala pansi kulemba kuti nkhaka imodzi, chapati ziwiri, ngakhale dokotala anati tsopano ndikhoza kusiya.

Ndinakuuzani kuti mupirire mpaka Malichi. Malichi ndi uno, ndipo nkhani ija sinapepuke. Ndiuzeni chochita. Ndalama za mwezi uno ndazigawa pawiri, zina kwa Amayi, zina kwa inu kumeneko.

Mwamuna wanu,
Harsukh


Ruwi, Muscat
27 Malichi 1998

Amake Hetal,

Moni. Kalata yanu yafika Lachiwiri. Ndinapempha mizere iwiri, mwandipatsadi iwiri: "Ndawerenga makalata anu mwatheka miyezi isanu ndi umodzi. Amayi anu ali ndi makutu, inu muli ndi pakamwa." Ndamva.

Lero m'mawa ndinagula khadi la foni n'kuimba kwa a Mulji. Anatuma munthu kukawatenga Amayi. Ndinadikira pa foni ndikumva mahutala a mumsewu wathu, mpaka ndinamva ndodo yawo pa simenti.

Sindinazungulire. Ndinati, "Amayi, ndili ndi shuga. Anandipeza naye mu Seputembala. Kuonda kuja ndi lamulo la dokotala, si njala. Mkazi wanga Vasanti ankadziwa, koma ndinamuletsa ndine kukuuzani."

Iwo anafunsa kuti, "Mankhwala ukumwa?"

"Ndikumwa."

"Mapazi ako ali bwanji?"

"Ali bwino, Amayi."

"Uziwaona tsiku lililonse. Ndi pakati pa zala pomwe."

Ndinayamba kupuma bwino, kuyesa zatha. Ndiye anati, "Nanga mohanthal uja anadya ndani?"

Ndikanatha kunena kuti anyamata a kuntchito. Mawuwo anali kale pa lilime. Ndinati, "A Premji."

"Premji wa kudoko? Amene wabwera ndi ndodo ziwiri uja?"

"Omwewo."

"Dzana ndinali komweko kukamuona. Anandigwira dzanja n'kumati dzanja ili ndi lodala, ine kumadabwa kuti chophika changa analawa liti." Anapitiriza kuti, "Ndiye ine ndinaima tsiku lonse pa moto kuphikira munthu wodwala chomupha. Mpongozi wanga ndinamuvula ulemu pamaso pa anthu. Iwe uli phee kumeneko, ukuwerenga nyemba zako."

Ndinati ndinkaopa kuti andiitanitsa kunyumba.

"Ndikanakuitanitsadi. Iwe ukanakana. Tikanakangana sabata imodzi, n'kutha. Bambo ako ndinawadwazika zaka zisanu ndi ziwiri, ukuyesa dzina la matenda lingandigwetse? Chimene chandigwetsa ndi ichi wandichititsachi."

Ndinati pepani, khadi n'kutha. Ndinathamanga kukagula lina, koma poimbanso anayankha ndi a Mulji. Anati Amayi apita, sanafune kudikira. Anangosiya uthenga woti ndikuuzeni: akubwera ku Bhuj Lamlungu la pa 12 Epulo, Hetal akatha mayeso, pa basi ya m'mawa. Amalume anadzipereka kuti apite m'malo mwawo, akana. Akuti pakamwa pamene panalakwa ndi pawo.

Tchuthi changa abwana avomera, ndi cha mu Meyi. Ndikadzafika ndidzayamba kwa a Dhiraj kudzapepesa, kenako kwa a Premji. Sindikudziwa chimene munthu amanyamula popita kunyumba ngati imeneyo. Ngati mungandithandize kuganiza, ndithokoza.

Sindikukuuzani kuti mubwerere nawo Amayi. Zimenezo muona nokha, ndipo chilichonse chimene mungasankhe ine ndilibe pakamwa podandaulira. Ndikungopempha chimodzi. Basi ya ku Mandvi ija masitepe ake ndi aatali, ndipo mawondo awo mukuwadziwa. Wina akawachingamire pa depoti, awagwire dzanja potsika.

Ndine mwamuna wanu,
Harsukh